Kodi boma liyenera kugwira gawo lalikulu bwanji la chuma cha dziko?

Funso: Ndinaona mndandanda wa mayiko wosonyeza ndalama zimene boma lililonse limagwiritsa ntchito poyerekeza ndi chuma cha dziko lonse. France inali pa 57 peresenti, America pakati pa 35 ndi 40, Singapore yosafika 20. Kodi ndiye kuti boma la France limadya zoposa theka la zimene anthu ake amakhetsera thukuta? Nanga mulingo woyenera ndi uti? Mnzanga akuti dziko likafuna kulemera, boma lake lizikhala laling'ono.

Yankho: Manambala amene mwaonawo ndi oona, ndipo mwachita bwino kusawameza osatafuna. Boma la France silidya theka la thukuta la anthu ake. Mulingo umodzi woyenera mayiko onse kulibe, ndipo munthu akakupatsani nambala imodzi, dziwani kuti wakupatsani maganizo ake a ndale atawaveka malaya a masamu. Mnzanuyo ali ndi mfundo ndithu, koma mfundo yakeyo imagwira ntchito kwambiri m'mayiko ochepa amene analemera kale. Mayiko ambiri a padziko lapansi akudwala matenda ena.

Nambalayi imapezeka motere. Amawonkhetsa ndalama zonse zimene zatuluka m'thumba la boma m'chaka chimodzi: malipiro a aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali, mankhwala, misewu, penshoni, sabuside, chiwongoladzanja cha ngongole, zonsezo. Akatero amazigawa ndi GDP, yomwe ndi mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dzikolo lapanga m'chakacho. Ngati GDP ya dziko ndi mabiliyoni 200 ndipo boma latulutsa mabiliyoni 50, dzikolo lili pa 25 peresenti. Masamu ake ndi a kupulaimale. Chovuta ndi zimene zabisala m'nambala ziwirizo, yapamwamba ndi yapansi.

Ndalama za boma zili mitundu iwiri, ndipo mtundu umodzi sulowa n'komwe mu GDP ngati ndalama za boma. Boma likalipira mphunzitsi kapena likamanga mlatho, lagula ntchito, ndipo ntchitoyo imawerengedwa m'chuma cha dziko. Koma likatenga msonkho kwa munthu wapantchito n'kupereka ndalamayo kwa wopuma pantchito ngati penshoni, palibe chimene lagula. Ndalama yangochoka m'thumba la nzika ina n'kulowa m'thumba la inzake, ndipo wopumayo ndiye amasankha chochita nayo, kaya kulipira lendi, kugula nsapato kapena kupatsako mdzukulu. Akakagula kusitolo, m'mabuku a GDP zimalembedwa kuti wagula ndi munthu wamba. Zili ngati msungichuma wa gulu amene amalandira zosonkha za mamembala n'kumapereka kwa amene wagwa m'mavuto. Ndalama zambiri zimadutsa m'manja mwake, koma simunganene kuti wazidya ndi iyeyo.

Ku France, penshoni yokha imatenga pafupifupi 14 peresenti ya GDP. Mukawonjezera ndalama za anthu amene ntchito inawathera, za mabanja olera ana, za anthu olumala, zothandizira lendi ndi chiwongoladzanja cha ngongole, mupeza kuti gawo lalikulu la 57 uja limangodutsa. Zimene bomalo limagwiritsa ntchito poyendetsa masukulu, zaumoyo, chitetezo ndi maofesi ake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a GDP, ndipo zomangamanga zimawonjezera pang'ono pamwamba pake. Mafakitale, minda, masitolo ndi mahotela ambiri a ku France ali m'manja mwa anthu wamba monga m'mayiko ena onse a kumadzulo kwa Ulaya.

Umboni wina wakuti nambalayi si chigawo chodulidwa pa chuma cha dziko uli pa zilumba za m'nyanja ya Pacific. Ku Kiribati ndi ku Tuvalu, zaka zina ndalama zimene boma limatulutsa zimafika kapena kupitirira 100 peresenti ya GDP. Zimatheka chifukwa ndalamazo sizichokera mu zimene zapangidwa m'dzikomo zokha. Zambiri zimachokera ku ziphaso zimene sitima zakunja zimagula kuti ziphe nsomba m'madzi a mayikowa, ndiponso ku thandizo la mayiko ena. GDP ndi choyezera basi, chimene timaimika pambali pa bajeti kuti tithe kuyerekezera dziko lalikulu ndi laling'ono.

Ndiye pali funso lakuti tikamati boma tikunena ndani. Mudzamva wina akunena kuti boma la America limagwiritsa ntchito pafupifupi 23 peresenti ya GDP, wina n'kunena kuti ndi 37, ndipo onse akunena zoona. Woyambayo akuwerenga boma lalikulu la ku Washington lokha. Wachiwiriyo waphatikiza maboma a zigawo 50 za dzikolo ndi makhonsolo, omwe ndi amene amalipira aphunzitsi ndi apolisi ambiri. Ku Canada, Germany, India ndi Brazil nkhani ndi yomweyo. Kuyerekezera nambala ya boma lalikulu lokha la dziko lina ndi nambala ya maboma onse a dziko linzake ndi kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri, ngakhale m'nyuzipepala zolemekezeka. Makampani a boma ochita malonda, monga a magetsi, mafuta kapena sitima zapamtunda, nthawi zambiri sawerengedwa m'nambalayi. N'chifukwa chake China imaoneka yocheperapo kuposa France pamndandanda, chonsecho boma la China lili ndi mabanki akuluakulu onse a m'dzikomo ndi makampani ambiri a zamphamvu, zitsulo ndi zamtengatenga.

Tsopano tione nambala yapansi, chifukwa apa ndi pamene anthu amapusitsika kwambiri. Mu 2014 Nigeria inasintha kawerengedwe ka GDP yake. Kufikira nthawiyo inkawerenga potengera mmene chuma chinalili mu 1990, mafoni a m'manja asanafale komanso ntchito yopanga mafilimu isanakule. Itayamba kuwerenga potengera chaka cha 2010, GDP ya 2013 inachoka pa madola a ku America pafupifupi mabiliyoni 270 kufika pa 510. Boma silinachotse wantchito ngakhale mmodzi, silinatseke sukulu ngakhale imodzi, koma tsiku lomwelo kukula kwake poyerekeza ndi chuma kunatsika pafupifupi ndi theka. Ghana inachita chimodzimodzi mu 2010, GDP yake n'kukwera ndi pafupifupi 60 peresenti.

Ireland payokha yationetsa mbali zonse ziwiri. Mu 2010 ndalama za boma lake zinalumpha kufika pafupifupi 65 peresenti ya GDP chifukwa linapulumutsa mabanki amene anali pafupi kugwa, ndipo kuperewera kwa bajeti chaka chimenecho kunafika 32 peresenti ya GDP. Patangopita zaka zisanu, mu 2015, GDP ya dzikolo inalengezedwa kuti yakula ndi 26 peresenti m'chaka chimodzi. Anthu a ku Ireland sanalemere usiku umodzi ayi. Makampani akuluakulu akunja anasamutsira kumeneko umwini wa katundu wawo wa m'mapepala chifukwa cha misonkho yotsika, ndipo GDP inafufuma. Pamndandanda, Ireland inasanduka dziko la boma laling'ono. A ofesi ya ziwerengero m'dzikomo anaona kuti GDP yasiya kunena zoona za moyo wa anthu awo, moti mu 2017 anayamba kutulutsa choyezera china chimene chimachotsa kufufumako.

Chuma chikagwa, nambalayi imakwera yokha, chifukwa yapansi yachepa pomwe anthu ofuna thandizo achuluka. Ku Britain inachoka pafupifupi pa 40 peresenti n'kudutsa 50 m'chaka cha mliri wa Covid-19, pamene boma linkalipira 80 peresenti ya malipiro a anthu amene anauzidwa kukhala kunyumba. France inadutsa 60 mu 2020. Greece inaona zowawa kuposa apa. Kuyambira 2010 inadula malipiro ndi penshoni mopweteka kwambiri, koma popeza chuma chinafota ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, peresenti ija inangotsika pang'ono. Mu 2013 Olivier Blanchard, yemwe anali mkulu wa akatswiri a zachuma ku IMF, bungwe la padziko lonse lobwereketsa ndalama ku maboma, pamodzi ndi Daniel Leigh anasonyeza kuti olosera zachuma anaderera kwambiri mmene kudula bajeti kukanafoolera chuma m'mayiko a ku Ulaya panthawiyo. Ndalama zimene boma lasiya kulipira ndi ndalama zimene wina wasiya kulandira, ndipo iyenso amasiya kugula.

Nanga zinatheka bwanji kuti maboma afike pa 40 kapena 50 peresenti? Kale sizinali chonchi. Akatswiri a zachuma Vito Tanzi ndi Ludger Schuknecht anasonkhanitsa ziwerengero za mayiko amene lero ndi olemera, ndipo anapeza kuti cha m'ma 1870 maboma awo ankagwiritsa ntchito pafupifupi 11 peresenti ya chuma. Mu 1913 zinali pafupifupi 13. Pofika 1960 zinali 28, mu 1980 zinadutsa 40, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1990 zinali cha pa 45. Boma la m'ma 1870 linali la asilikali, makhothi, apolisi ndi kubweza ngongole za nkhondo. Wokalamba ankasamalidwa ndi ana ake, wodwala ankadzionera yekha. Katswiri wa ku Germany, Adolph Wagner, anali ataona kale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti dziko likamalemera ndi kudzaza mafakitale ndi mizinda, ntchito za boma zimakula mofulumira kuposa chuma chenichenicho. Anthu akaunjikana m'mizinda pamafunika madzi a m'mipope, ngalande za zonyansa, masukulu ndi malamulo a pantchito. Munthu amene anasiya munda n'kudalira malipiro alibe kothawira ntchito ikatha kapena thupi likatopa. Ku Germany komweko, mtsogoleri wa boma Otto von Bismarck anakhazikitsa inshulansi ya odwala mu 1883, ya ovulala pantchito mu 1884 ndi penshoni ya okalamba mu 1889.

Nkhondo ziwiri za padziko lonse zinakankhanso kwambiri. Alan Peacock ndi Jack Wiseman, atafufuza mbiri ya Britain, anafotokoza mu 1961 kuti ndalama za boma sizikwera pang'onopang'ono. Zimalumpha pa nthawi ya nkhondo, ndipo nkhondo ikatha sizibwerera pomwe zinali. Anthu amakhala atazolowera msonkho wokwera, ndipo njira zotolera msonkhowo zimakhala zitakhazikika kale. Kudula msonkho pa malipiro munthu asanalandire kunakhazikika ku America mu 1943 ndipo ku Britain mu 1944, nkhondo ili mkati. Mfuti zitatonthola, ndalamazo zinapeza ntchito ina, ndipo mu 1948 Britain inatsegula chithandizo cha zaumoyo chaulere kwa aliyense. Msonkho wa VAT, womwe unayamba ku France mu 1954, unapatsa maboma chida china champhamvu chotolera ndalama.

Pali zifukwa zina ziwiri zimene sizidalira chipani chimene chikulamula. Choyamba ndi ukalamba. Ku Japan pafupifupi anthu 29 mwa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, ndipo aliyense wa iwo amafuna penshoni ndi chipatala. Chachiwiri chinafotokozedwa ndi katswiri wa zachuma William Baumol m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino chifukwa andale sachitchula. M'fakitale, makina amathandiza munthu mmodzi kupanga lero zimene kale zinkafuna anthu makumi awiri, choncho malipiro ake amakwera popanda katunduyo kukwera mtengo. Koma namwino wosambitsa wodwala amene sangathe kudzuka amatenga nthawi yomweyo imene ankatenga namwino wa zaka 100 zapitazo: kumutembenuza, kumupukuta, kusintha nsalu za pabedi, kumumwetsa mankhwala. Simungamufulumizitse popanda kumuzunza wodwalayo. Komabe malipiro a namwinoyo ayenera kukwera limodzi ndi a m'fakitale, apo ayi asiya unamwino. Ntchito zambiri zimene boma limagwira ndi za mtundu umenewu, za munthu kusamalira kapena kuphunzitsa munthu mnzake. Ndiye ngakhale boma litapanda kuwonjezera ntchito ina iliyonse, mtengo wa zimene likuchita kale umakwera poyerekeza ndi zina zonse.

Pa nkhani ya America ndi Singapore, nambala yotsika sikutanthauza kuti nzika zikusunga ndalama zambiri m'matumba mwawo. Ku America, zaumoyo zimatenga pafupifupi 17 peresenti ya GDP, pomwe ku Britain zimatenga cha pa 11. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Britain zambiri zimadutsa m'thumba la boma, pomwe ku America gawo lalikulu limadutsa m'makampani a inshulansi amene abwana ndi antchito amalipira. Wantchito wa ku America amaonabe ndalama zikudulidwa pa malipiro ake, kungoti sizitchedwa msonkho. Boma limakhululukanso msonkho pa inshulansi yotereyi, ndipo msonkho wokhululukidwa suoneka pa ndalama zotuluka ngakhale kuti thumba la boma lataya chimodzimodzi. Bungwe la OECD, lomwe mamembala ake ambiri ndi mayiko olemera, likawerenga ndalama zonse zosamalira anthu, za boma ndi za mabungwe omwe si aboma, n'kuganiziranso za misonkho, America imakwera kufika pafupi ndi pamwamba penipeni, kufupi ndi France. Mayiko ngati Denmark amatsika, chifukwa kumeneko wolandira penshoni kapena thandizo la boma amalipiranso msonkho pa ndalamazo, ndiye zina zimabwerera komwe zachokera.

Singapore ili ndi njira yakeyake. Kuyambira 1955 kuli thumba lotchedwa Central Provident Fund. Wantchito wosapitirira zaka 55 amadulidwa 20 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuwonjezera 17, ndipo lamulo silipereka mwayi wokana. Ndalamazo zimakhala mu akaunti ya mwini wake zogulira nyumba, kulipira chipatala ndi kudzadya akapuma. Popeza ndi zake, sizilembedwa ngati msonkho, ndipo akamazigwiritsa ntchito sizilembedwa ngati ndalama za boma. Pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse a ku Singapore amakhala m'nyumba zomangidwa ndi bungwe la boma, ndipo malo ambiri m'dzikomo ndi a boma. Amene amaloza Singapore ngati chitsanzo cha boma losalowerera m'moyo wa anthu sanaliyang'anitsitse dzikolo.

Tibwere kwa mnzanu uja. Kafukufuku alipo amene akumuikira kumbuyo. Andreas Bergh ndi Magnus Henrekson a ku Sweden anaunika mu 2011 zofufuza zosiyanasiyana za mayiko olemera, ndipo anapeza kuti boma likakula ndi mapointi 10 a GDP (mwachitsanzo kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti), kukula kwa chuma pachaka kumacheperapo ndi theka la pointi mpaka pointi imodzi. Zifukwa zake n'zomveka. Msonkho ukakwera kwambiri, ena amaleka kulimbikira ntchito kapena kutsegula bizinesi, ena amabisa ndalama kunja. Boma likamabwereka kwambiri m'mabanki a m'dziko momwemo, chiwongoladzanja chimakwera ndipo wabizinesi amasowa kobwereka. Sweden yomweyo inafika pafupifupi 70 peresenti mu 1993 mabanki ake atagwa m'mavuto, ndipo inaona kuti sizingapitirire. Inasintha kayendetsedwe ka penshoni, inaika denga pa ndalama zimene boma lingatulutse kuyambira 1997, ndipo lero ili cha pa 50 kapena kucheperapo pang'ono. Malire alipo, sindikutsutsa.

Koma ofufuza omwewo anaona kuti mayiko a kumpoto kwa Ulaya akhala akuchita bwino ndi maboma aakulu, chifukwa anthu ake amakhulupirirana, katangale ndi wochepa, ndipo malonda amayenda momasuka. Katswiri wa mbiri ya zachuma Peter Lindert, atafufuza zaka zambirimbiri, sanapeze umboni womveka wakuti ndalama zosamalira anthu zinabweza m'mbuyo chuma cha mayiko olemera. Palinso vuto losiyanitsa chimene chayambitsa chinzake: monga taonera, chuma chikagwa peresenti imakwera yokha, ndiye kuona ziwirizi zikuyendera limodzi sikutiuza kuti wolakwa ndani.

Ndikupemphani mubwererenso ku mndandanda uja, muyang'ane kumunsi kwenikweni. Pafupi ndi Singapore mupeza Haiti, Guatemala, Bangladesh ndi Nigeria, mayiko amene maboma awo safika 20 peresenti, ena safika ngakhale 15. Kukanakhala kuti boma laling'ono ndilo limalemeretsa, amenewa akanakhala patsogolo. Zoona zake n'zakuti pafupifupi mayiko onse olemera ali ndi maboma aakulu, ndipo mayiko osauka ambiri ali ndi maboma aang'ono, osati mwa kufuna koma chifukwa sangathe kutolera msonkho. Anthu ambiri amagwira ntchito zosalembedwa m'kaundula, olemera amadziwa njira zozembera, ndipo mabungwe otolera misonkho alibe anthu ndi zida zokwanira. Ofufuza a ku IMF anapeza mu 2016 kuti dziko limayamba kukula mofulumirirapo msonkho wake ukadutsa pafupifupi 13 peresenti ya GDP, ndipo n'chifukwa chake mumamva nambala ya 15 peresenti ikutchulidwa ngati poyambira. Pansi pa pamenepo boma limalephera ngakhale ntchito zimene okonda boma laling'ono amavomereza kuti ndi zake: makhothi oweruza msanga, apolisi, misewu, kulembetsa malo.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti peresenti imabisa umphawi weniweniwo. Tiyerekeze dziko limene GDP yake ikagawidwa kwa anthu onse, aliyense apeza madola 600 pachaka, ndipo boma lake lili pa 25 peresenti. Ndiye kuti boma lili ndi madola 150 pa munthu aliyense chaka chonse, ndipo mmenemo muchoke sukulu, chipatala, msewu, chitetezo ndi chiwongoladzanja. Tiyerekeze dziko lina la madola 60,000 pa munthu, boma lake lili pa 15 peresenti yokha. Limeneli lili ndi madola 9,000 pa munthu aliyense. Pamndandanda loyambalo lioneka lowononga, lachiwirilo losamala. Koma katemera, makina ounikira odwala ndi phula la msewu zimagulidwa pa msika umodzi wa padziko lonse, ndipo wogulitsa safunsa GDP ya wogula. Kuuza dziko loyambalo kuti vuto lake ndi kukula kwa boma ndi kusamvetsa zimene mayi woyembekezera akukumana nazo akafika pachipatala chopanda namwino usiku.

Dziko siligwa chifukwa cha kukula kwa nambalayi pakokha. Limagwa chifukwa cha mpata wa pakati pa zotuluka ndi zolowa. Sri Lanka inali ndi boma la pafupifupi 20 peresenti ya GDP, laling'ono ndithu pa mulingo wa mnzanuyo. Chakumapeto kwa 2019 boma linadula misonkho, VAT n'kuchoka pa 15 kufika pa 8 peresenti. Ndalama zolowa zinagwa kufika cha pa 8 peresenti ya GDP, mliri unathamangitsa alendo odzaona malo, ndipo pofika 2021 chiwongoladzanja chokha chinkadya pafupifupi magawo 7 mwa 10 a ndalama zonse zimene boma linkatolera. Mu April 2022 dzikolo linaleka kubweza ngongole zakunja, anthu anagona pamizere ya mafuta, ndipo mu July pulezidenti Gotabaya Rajapaksa anathawa m'dzikomo. Denmark, yomwe boma lake limagwira pafupifupi theka la GDP, ili ndi ngongole yosafika 40 peresenti ya GDP, chifukwa zimene imatulutsa imazitolera. Ngakhale pangano la Maastricht la 1992, lomwe linakonza njira ya ndalama ya euro, linaika malire pa kuperewera kwa bajeti, 3 peresenti, ndi pa ngongole, 60 peresenti, koma kukula kwa boma linakusiya m'manja mwa dziko lililonse.

Chiwongoladzanja chimafuna muchiyang'ane pachokha. Chimawerengedwa m'ndalama za boma mofanana ndi malipiro a mphunzitsi, koma sichiphunzitsa mwana aliyense chaka chino. Mu 2023 bungwe la United Nations linalengeza kuti anthu mabiliyoni 3.3 akukhala m'mayiko amene amalipira zambiri pa chiwongoladzanja kuposa pa maphunziro kapena zaumoyo. Ngakhale America mu 2024 inalipira zambiri pa chiwongoladzanja kuposa pa asilikali. Mayiko awiri akhoza kukhala pa 28 peresenti onse, lina n'kumatulutsa 2 pa chiwongoladzanja, linzake 9. Amenewo ndi maboma awiri osiyana kotheratu. Zina sizioneka n'komwe mpaka tsiku loti zaphulika. Mu 2016 zinadziwika kuti ku Mozambique kunali ngongole zobisika, ndipo zonse pamodzi zimene makampani atatu ogwirizana ndi boma anatenga, boma litalonjeza kuwabwezera akalephera, zinali pafupifupi madola mabiliyoni awiri. IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndipo mtolowo unagwera anthu amene sanafunsidwe.

Ndipo kutuluka kwa ndalama m'thumba la boma sikutanthauza kuti yafika. Ku Uganda, ofufuza anatsatira ndalama zimene boma linkatumiza ku sukulu za pulaimale zogulira mabuku, choko ndi zina zofunika, kupatula malipiro. Anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 masukulu ankalandira 13 peresenti yokha ya ndalamazo, ndipo masukulu ambiri sankalandira kalikonse. Zotsalazo zinkathera m'maofesi a m'maboma aang'ono. M'mabuku a dziko, zonse zinalembedwa kuti zagwiritsidwa ntchito pa maphunziro. Boma litayamba kulengeza m'nyuzipepala mwezi ndi mwezi ndalama zimene latumiza ku dera lililonse, aphunzitsi aakulu ndi makolo anadziwa zimene akuyenera kulandira n'kuyamba kuzifunsa. Pofika 2001 zofika pasukulu zinadutsa 80 peresenti, malinga ndi kafukufuku wa Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson. Apa chimene chinasintha moyo wa mwana wasukulu chinali chidziwitso cha kholo, ndipo chimenechi simungachione pa mndandanda uliwonse wa mayiko.

Chimene ndimaopa pa malangizo a mnzanuwo, akaperekedwa popanda kufunsa kuti tidule pati, ndi mmene kudulako kumachitikira. Nduna ya zachuma ikauzidwa kutsitsa peresenti mwamsanga, imaona kuti chiwongoladzanja sichingadulidwe popanda kukangana ndi obwereketsa, penshoni ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo malipiro akakhudzidwa antchito anyanyala. Sabuside ya mafuta a galimoto, yomwe m'mayiko ambiri imapindulira kwambiri anthu opeza bwino chifukwa ndi amene amagwiritsa ntchito mafuta ambiri, imakhala ndi oiteteza amphamvu. Zotsala ndi zimene sizingachite ziwonetsero mumsewu: kukonza misewu, kugula mankhwala ndi mabuku, mafuta a ambulansi, zipangizo zosinthira pa makina opopa madzi, ndi zomangamanga zimene zinali zisanayambe. Chaka chimenecho nambala imatsikadi. Dokotala amalandirabe malipiro ake koma alibe chopatsa wodwala, ndipo msewu umene ukanangofunika kumata maenje umakumbika mpaka dothi. Pakapita zaka zingapo umafunika kumangidwanso wonse pa mtengo woposa kangapo wa kukonza kuja, nthawi zambiri ndi ngongole yatsopano, ndipo chiwongoladzanja chake chimadzalowa m'nambala yomweyo imene ankafuna kuitsitsa.